Gramps tayiyesa ndi banja lachifumu la Coburg: magazi imawasunga bwino, koma chibale chathu siichidziwa

Gramps ndi pulogalamu ya pakompyuta yolembera mibadwo ya banja: wakuti anabadwa kwa yani, anakwatira kuti, liti, ndipo anaikidwa kuti. Ndi yaulere, imayenda pa Windows, Linux ndi Mac, ndipo mukaikopera kamodzi pa intaneti siidyanso bandulo, chifukwa zonse zimasungidwa mu kompyuta mwanu momwemo. Inayamba mu 2001 ndipo amaikonza ndi anthu ongodzipereka. Kuno ku Lilongwe ofuna chida chotere alipo: aphunzitsi a mbiri kusekondale, mabanja amene akulimbirana unyakwawa ndipo akufuna kukaonetsa kwa Gogo Chalo kuti wakuti anatuluka m'bere liti, ndi ena ongofuna kulemba zimene agogo akudziwa asanatsikire kulichete.

Banja la mibadwo itatu silingayese pulogalamu, limakwana pa tsamba la kope. Choyesera chenicheni ndi banja limene anthu ake amakwatirana pachibale, amasintha maina, amatchana dzina limodzi mibadwomibadwo, komanso mbiri yake inalembedwa kale mokwanira kuti muthe kuigwira kompyuta ikanama. Akalonga a Saxe-Coburg and Gotha ali nazo zonsezi. Tineneretu: posunga anthu ndi maukwati awo Gramps ndi yolimba. Potchula chibale ndi pojambula tchati m'pamene imafuna munthu woiwongolera.

Coburg ndi tauni yaing'ono kumpoto kwa chigawo cha Bavaria ku Germany. Eni ake anali nthambi ya banja la Wettin, lomwe linagawikana mu 1485 pakati pa abale awiri, Ernst ndi Albrecht. A kwa Ernst anali ndi chizolowezi chogawira ana aamuna onse dziko bambo akamwalira, ndiye maiko awo ankangocheperachepera, aliyense ndi udindo wa Duke koma chuma chochepa. Chimene a Coburg anali nacho chambiri ndi ana okwatitsa. Poyambira pabwino ndi Franz, Duke wa Saxe-Coburg-Saalfeld, wobadwa mu 1750 ndi kumwalira mu 1806, ndi mkazi wake wachiwiri Augusta Reuss wa ku Ebersdorf. Ana awo amene anakula ndi 7: Sophie, Antoinette, Juliane, Ernst, Ferdinand, Victoria ndi Leopold. Lowetsani Franz, mumuike kukhala Home Person (munthu woyambira), kenako mutsegule banja lake ndi Augusta n'kuika ana motsatana ndi kubadwa kwawo. Musaiwale mkazi woyamba, Sophie wa ku Saxe-Hildburghausen, amene anamwalira mu 1776 chaka chomwe anakwatiwa, wopanda mwana. Gramps imalola munthu mmodzi kukhala ndi mabanja angapo ndipo mutha kuwasanja loyamba ndi lachiwiri, choncho ndi mitala yomwe siivutika nayo.

Pamene ambiri amagwera ndi pa mabatani awiri. Mukatsegula banja, pambali pa malo a bambo ndi a mayi pali batani lowonjezera munthu watsopano ndi lina losankha munthu amene analowetsedwa kale. Victoria mwana wa Franz anayamba wakwatiwa ndi kalonga wa Leiningen, n'kubereka Karl ndi Feodora. Atafedwa anakwatiwanso mu 1818 ndi Edward, Duke wa Kent, ndipo pa 24 Meyi 1819 anabereka Victoria uja anadzakhala Mfumukazi ya Britain mu 1837. Ernst, mlongo wa Victoria wamkuluyo, anabereka Ernst wamng'ono mu 1818 ndi Albert pa 26 Ogasiti 1819. Pa 10 Febuluwale 1840 Albert anakwatira Mfumukazi Victoria. Ndiye mukafika polemba mwamuna wa Mfumukazi, Albert ali kale mu kompyuta ngati mwana wa Ernst. Mukadina batani la munthu watsopano mwapanga Albert wachiwiri wopanda makolo, ndipo pulogalamu siikuchenjezani. Zidzaonekera patsogolo, ikadzakuuzani kuti ana awo 9 ndi adzukulu 42 alibe magazi a Ernst. Lamulo ndi limodzi: musanawonjezere mkwatibwi kapena mkamwini aliyense, yambani mwamufufuza pa mndandanda wa People.

Mukalowetsa bwino, zotsatira zake n'zokhutiritsa. Tchati cha makolo a Edward VII, mwana wamwamuna wamkulu wa Victoria ndi Albert, chimaonetsa Franz ndi Augusta kawiri, kuchimuna ndi kuchikazi, kutanthauza kuti makolo a agogo ake ndi anthu 6 m'malo mwa 8. Nkhani ina yozunguza mutu ndi ya Ernst wamkulu uja. Ukwati wake ndi Louise wa ku Saxe-Gotha-Altenburg, mayi a Albert, unatha mu 1826, ndipo mu 1832 anakwatira Marie wa ku Württemberg, mwana wa mlongo wake Antoinette. Malume kukwatira mwana wa mlongo wake! Kwathu kuno ndi malaulo, koma kumeneko zinachitika ndi mwambo wonse. Marie anakhala mayi omupeza a Albert chikhalirecho ali msuweni wake. Gramps imazisenza zonsezi popanda kutsamwa: Marie amakhala munthu mmodzi, mwana m'banja lina, mkazi m'banja lina.

Za maina ndi maudindo

Apa m'pamene pagona luso, ndipo wofulumira amadzipangira yekha ntchito yobwereza. Pa fomu ya dzina pali kabokosi ka Title, ndipo mtima umafuna kungolembamo "Duke wa Saxe-Coburg and Gotha" n'kupitirira. Musatero, chifukwa kabokosiko kalibe chaka. Ernst analowa ufumu mu 1806 ali Ernst III wa Saxe-Coburg-Saalfeld. Banja la Saxe-Gotha-Altenburg litatha mu 1825 chifukwa chosowa mwana wamwamuna, maiko anagawidwanso mu 1826: iye anapereka Saalfeld kwa a Saxe-Meiningen n'kulandira Gotha, ndipo kuyambira pamenepo anakhala Ernst I wa Saxe-Coburg and Gotha. Munthu yemweyo, nambala yabwerera m'mbuyo kuchoka pa III kufika pa I. Njira yoyenera ndi kugwiritsa ntchito chochitika chotchedwa Nobility Title, chimodzi cha 1806 mpaka 1826, china cha 1826 mpaka 1844 pamene anamwalira. Pa maufumu athu chitani chimodzimodzi, pakuti dzina la mpando ngati Gomani kapena M'mbelwa limadutsa mwa anthu ambiri ndipo si dzina lobadwa nalo.

Maina osintha ali ndi malo awo pa tsamba la Names, pomwe dzina lililonse mutha kulipatsa mtundu ndi deti. Juliane atakwatiwa ndi Konstantin wa ku Russia mu 1796 anatchedwa Anna Feodorovna. George V wa ku Britain anabadwa wa Saxe-Coburg and Gotha, koma pa 17 Julayi 1917 analengeza kuti banja lake likhala la Windsor, pakuti nkhondo ndi Germany inali pachimake ndipo ndege zoponya mabomba ku London zinkatchedwa Gotha. A ku Belgium nawonso anasiya kugwiritsa ntchito maudindo achijeremani nkhondoyo itatha. Dzina lobadwa nalo lisiyeni likhale loyamba, enawo abwere pansi. Mukafufuza ndi lililonse kudzera mu Filter, munthuyo amapezeka. Chinthu chimodzi musinthe tsiku loyamba lomwe: mu Preferences muli Surname guessing, yomwe imangopatsa mwana aliyense watsopano dzina la bambo ake. Pa banja la Coburg imathandiza. Pa banja limene mfunda wina unachokera kwa mayi, kapena ana anatenga dzina loyamba la bambo kukhala lachiwiri lawo, iikeni pa None, apo ayi mudzakhala mukufufuta usiku wonse. Chabwino n'chakuti dzina lachiwiri lililonse mutha kulilembera gwero, ndipo pa mndandandawo pali Patrilineal ndi Matrilineal.

Nthambi zimene zinatifika kuno

Mphunzitsi amene akudabwa kuti banja la ku Germany likumukhudza bwanji mwana wa ku Mitundu alowetse nthambi za ana aamuna awiri otsala, Ferdinand ndi Leopold. Ferdinand anakwatira Maria Antonia Koháry, mwana wa mwinichuma wa ku Hungary, ndipo nthambi yake inakhala ya Chikatolika pamene enawo anali a Lutheran. Mwana wake, nayenso Ferdinand, anakwatira Mfumukazi Maria II ya Portugal mu 1836 n'kukhala Fernando II. Mdzukulu wa Fernando, Carlos I, anali atangolowa ufumu mu Okutobala 1889 pamene asilikali a Mpwitikizi Serpa Pinto analimbana ndi Amakololo ku Shire, ndipo pa 11 Januwale 1890 boma la Mfumukazi Victoria linalamula Apwitikizi kuti achokeko. Chaka chotsatira dziko lino linalowa m'manja mwa Britain ndipo malire athu ndi Mozambique analembedwa. Mbali zonse ziwiri za mkanganowo pampando panali mbewu ya Franz ndi Augusta. Ufumu wa ku Portugal unatha mu 1910 Manuel II atachotsedwa. Mng'ono wa Fernando, August, anabereka Ferdinand winanso, amene anaitanidwa kukalamulira Bulgaria mu 1887, nadzitcha Tsar mu 1908, n'kutula pansi ufumu mu 1918. Mdzukulu wake Simeon II anakhala Tsar ali ndi zaka 6 mu 1943, anachotsedwa mu 1946, ndipo anabwerera kudzakhala nduna yaikulu yochita kusankhidwa kuyambira 2001 mpaka 2005.

Leopold, chitsiriza pa ana amene anakula, ndiye anali mwini nzeru. Mkazi wake woyamba, Charlotte, yemwe akanalowa ufumu wa Britain, anamwalira pobereka mu 1817. Leopold anakana mpando wa Greece mu 1830, n'kulandira wa Belgium pa 21 Julayi 1831. Kwa Victoria anali malume, kwa Albert anali bambo aang'ono, ndipo anagwira ntchito ya unkhoswe mbali zonse ziwiri, monga anachitiranso pa ukwati wa ku Portugal. Mwana wake Leopold II ndi uja anatenga Congo kukhala yakeyake kuyambira 1885 mpaka 1908, kumene anthu ambirimbiri anaphedwa ndi kudulidwa manja chifukwa cha mphira. Tchati sichinena zimenezi, ndipo Gramps payokha imamuika m'kabokosi kofanana ndi ena onse. Zilembeni mu Notes kuti ziziyenda ndi dzina lake. Ku Belgium mzera wachimunawu ukadalipo: Albert I, Leopold III, Baudouin, Albert II, ndi Philippe amene analowa mu 2013.

Tsopano pamene pulogalamuyi imatikhumudwitsa. Mu Tools muli Relationship Calculator: mumasankha anthu awiri, iyo n'kukuuzani chibale chawo ndi makolo amene amakumanirapo. Masamu ake ndi olondola, ndipo ikapeza njira ziwiri imatchula zonse. Mwachitsanzo Elizabeth II ndi mwamuna wake Philip amakumana kwa Mfumukazi Victoria komanso kwa Christian IX wa ku Denmark, ndipo mukalowetsa mbali zonse imaonetsa zonse ziwiri. Vuto ndi lakuti imawerenga chibale Chizungu. Kwa iyo, ana a malume, ana a azakhali, ana a amayi aang'ono ndi ana a bambo aakulu onse ndi first cousin. Taonani zimene zikubisika pamenepo. Victoria ndi Albert anali asuweni enieni, mwana wa mlongo ndi mwana wa mlongo, ukwati umene ndi makolo athu omwe ankaulola. George V ndi Kaiser Wilhelm II, amene asilikali awo anamenyana ku Karonga mu Sepitembala 1914, analinso asuweni, chifukwa mayi a Wilhelm anali mlongo wa Edward VII. Koma George V ndi Nicholas II wa ku Russia amayi awo anali pachibale, mkulu ndi mng'ono wake, ndiye kwathu kuno awiriwa ndi mbale ndi mbale wake basi. Heinrich wa ku Prussia ndi Irene wa ku Hesse, amene anakwatirana mu 1888, amayi awo onse anali ana a Victoria. Kuno tikanati wakwatira mlongo wake. Pa mlandu wa ufumu kusiyana kumeneku ndiye mlandu wonse, ndipo Gramps siikuona. Ilibe Chichewa, kaya pa mabatani kaya pa maina a chibale. Mukhale ndi pensulo, muone maina a makolo amene yatchula, mumasulire nokha.

Chotipepesa chilipo, ndipo ambiri sachidziwa chifukwa chinabisika. Dinani kumanja pa dzina la munthu, pitani pa Quick View, musankhe Mother lineage. Imakwera kuchoka kwa munthuyo kupita kwa mayi, kwa mayi a mayi, mpaka pomwe munalekezera, ndipo mukasankha mkazi imatsikanso kutchula otuluka mwa iye kudzera mwa akazi. Imeneyo ndi mbumba ndithu. Mukayesa ndi Wilhelm II mukwera kwa mayi ake, kwa Mfumukazi Victoria, kwa Victoria wa Coburg, mpaka kwa Augusta. M'mbumba yomweyo muli Alexandra mkazi wa Nicholas II ndi Philip mwamuna wa Elizabeth II. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 magazi a Philip anathandiza kutsimikizira mafupa a Alexandra ndi ana ake, pakuti pali kachigawo ka DNA kamene kamayenda mwa amayi okha. Mzera womwewu wa akazi ndiwo unanyamula matenda a magazi osaundana otchedwa haemophilia kuchoka kwa Victoria kupita ku Russia, Spain ndi Prussia; ana aamuna awiri a Heinrich ndi Irene anabadwa nawo. Mnzake wa Mother lineage ndi Father lineage, ndipo imaonetsa chinthu chimene ambiri amadabwa nacho: pampando wa Britain mzera wachimuna wa Coburg unayamba ndi Edward VII mu 1901 n'kuthera pa Elizabeth II mu 2022, pakuti kuchimuna Charles III amatsata bambo ake, a banja la Glücksburg. Elizabeth yemweyo anali Mfumukazi ya Malawi kuyambira 1964 mpaka 1966.

Musayembekezere kuti Gramps ikuuzani woyenera kulowa ufumu. Imadziwa kubadwa, siidziwa malamulo. Ku Coburg mpando unkayenda mwa amuna okha. Ernst II atamwalira mu 1893 wopanda mwana wa m'ukwati, unagwera ana a mng'ono wake Albert. Edward anali atakana kale chifukwa ankadikira wa Britain, ndiye analowa Alfred, Duke wa Edinburgh. Mwana wamwamuna yekhayo wa Alfred anamwalira mu 1899, bambo ake n'kutsatira mu 1900. Arthur, Duke wa Connaught, ndi mwana wake anakana. Unafika kwa Charles Edward, mnyamata wa zaka 16 amene anabadwa mu Julayi 1884 bambo ake Leopold, mwana wina wa Victoria ndi Albert, atamwalira kale mu Malichi. Anakulira ku England, anatumizidwa ku Germany, pa nkhondo anaima mbali ya Kaiser, anachotsedwa pampando mu Novembala 1918, analandidwa maudindo a ku Britain mu 1919, kenako analowa chipani cha Nazi. Mwana wake Sibylla ndiye mayi a Carl XVI Gustaf, mfumu ya Sweden. Pa tchati mpandowu umalumpha kuchoka nthambi ina kupita ina popanda mzera wolumikiza. Njira yake ndi kupanga Tag ya mtundu wowala, kuti "Duke wa Coburg", n'kuiika pa anayi onse olamulira, ndipo pa aliyense wokana mulembe chochitika chanuchanu cha kukana, ndi chaka ngati mukuchidziwa. Kabokosi ka mtundu wa chochitika kamalola kulemba mawu anu. Ka mtundu wa ukwati nakonso: Fernando II atafedwa anakwatira woimba Elise Hensler mu 1869 pa ukwati umene mkazi salowa ulemu wa mwamuna, ndipo pa mndandanda palibe mtundu wotere, koma mutha kuulemba, monganso mungalembe chikamwini kapena chitengwa.

Chida chofufuza anthu olembedwa kawiri, Find Possible Duplicate People, chigwiritseni ntchito mosamala. M'banja ili muli a Ferdinand, a Leopold, a Victoria ndi a Alfred ambirimbiri. Chidachi chimayerekeza maina ndi madeti, ndiye ngati simunaike zaka zobadwira chimakubweretserani anthu osiyana ngati munthu mmodzi, ndipo mukavomera kuwaphatikiza maukwati ndi ana a onse awiri amaunjikana pa mutu umodzi. Kuzimasula pamanja n'kowawa. Ikani chaka chobadwa pa munthu aliyense, ngakhale chongoyerekeza, ndipo pangani bakapu musanayambe. China, Verify the Data, chimagwira zala zikaterereka, monga mwana wobadwa mayi atamwalira kale kapena munthu wa zaka 150. Chimadandaulanso mwamuna ndi mkazi akakhala ndi dzina lachiwiri lofanana, monga Louise mwana wa Leopold II amene anakwatiwa ndi Philipp wa nthambi ya Koháry mu 1875. Pa banja lodzaza ndi a Banda ndi a Phiri chenjezo limeneli lidzabwera mobwerezabwereza. Pali kabokosi kolichongera kuti lisakusokonezeninso.

Madeti imawagwira bwino kuposa mmene tinkayembekezera ku pulogalamu yaulere. Imamva about, before, after ndi between, ndiye gogo amene amangoti anabadwa njala ya 1949 isanafike mumamulembera before 1949 ndipo amasanjika pamalo pake. Mukalemba zimene siikumva, kabokosi kamafiira ndipo detilo limangosungidwa ngati mawu, osawerengedwa pa zaka. Ili ndi makalendala angapo. Boris III wa ku Bulgaria mabuku ena amati anabadwa pa 18 Januwale 1894, ena pa 30 Januwale, ndipo onse akunena zoona: Bulgaria inkatsata kalendala ya Julian mpaka 1916, yomwe mu 1894 inali m'mbuyo ndi masiku 12. Sankhani Julian pa kabokosi ka kalendala, musapange zochitika ziwiri. Malo nawo amalandira maina akale ndi zaka zake, komanso dziko limene anali pansi pake pa nthawi yakutiyakuti: Coburg inalowa mu Bavaria mu 1920 pamene Gotha inapita ku Thuringia. Fort Manning ndi Mchinji, Port Herald ndi Nsanje, muziwalemba ngati malo amodzi a maina awiri. Pa umboni, chilichonse mutha kuchilembera amene ananena ndi mlingo wa kudalirika kwake, kuyambira Very Low mpaka Very High, zomwe zimathandiza pamene azakhali ndi amalume akupereka nkhani zosiyana. Pali kaloko kobisira nkhani zachinsinsi, ndipo potumiza fayilo kwa ena mutha kuchotsamo za anthu amoyo. Ana a kunja kwa ukwati amalowa m'banja la mtundu wa Unmarried. Delphine, amene khoti la ku Belgium linamuzindikira mu 2020 kuti ndi mwana wa Albert II, amalowa motero.

Pa foni musaivutikire. Pulogalamu yeniyeni ndi ya pakompyuta, ndipo mtundu wake wa pa intaneti, Gramps Web, umafuna seva ndi munthu wodziwa kuikhazikitsa. Maonekedwe ake ndi akale, mawindo amatsegukirana pamwamba pa anzawo, ndipo masiku oyamba munthu amasokonezeka pakati pa Source ndi Citation. Palibe batani la Save: mukadina OK zalowa. Magetsi akathima mwadzidzidzi mumataya fomu imene inali yotsegula yokha, koma mukayatsanso mupeza banja lanu lili ndi chizindikiro cha loko ndipo likukana kutseguka. Musachite mantha, pulogalamu ikungoganiza kuti wina akuligwiritsabe ntchito. Vomerani Break lock. Bakapu imapangidwa pa Make Backup, ndipo muchonge kuti itenge ndi zithunzi zomwe, chifukwa Gramps simeza zithunzi, imangokumbukira pamene zili. Mukasuntha foda ya zithunzi kapena kusintha kompyuta, nkhope zonse zimasowa. Fayilo ya GEDCOM ndi yotumizira anthu a mapulogalamu ena, koma zina zimatayika m'njira, ndiye isakhale bakapu yanu yokhayo.

Kujambula tchati chopachika pakhoma

Descendant Tree ndiyo yooneka bwino, koma siitha kulumikiza nthambi ziwiri. Mukayambira kwa Franz, Mfumukazi Victoria amaoneka kawiri, kwina ngati mkazi wa Albert, kwina ngati mwana wa mayi ake, popanda mzera wosonyeza kuti ndi munthu mmodzi, ndipo mwana wa sukulu adzawerenga a Victoria awiri. Pa banja lokwatirana pachibale pitani ku Reports, Graphs, Relationship Graph, imene imajambula munthu aliyense kamodzi kokha ngakhale mizera idutsane. Pa Filter sankhani Descendant Families of, kuti akazi ndi amuna okwatira m'banjamo alowe nawo. Imadalira pulogalamu ina yotchedwa Graphviz, yomwe pa Windows imabwera limodzi koma pa Linux muyenera kuiika padera. Family Lines Graph imalola kupaka mtundu pa dzina lachiwiri lililonse, ndipo ndi yabwino posiyanitsa nthambi. Maina a anthu awa ndi aatali, choncho tchati chiziyenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Chikayenda chotsika chimatambalala mpaka zilembo kusanduka nyerere.

Musayese kuika banja lonse pa pepala limodzi. A1 ndi mamilimita 594 kwa 841, A0 ndi 841 kwa 1189, ndipo pa A1 mukapitirira anthu 100 wokhala pa desiki yachiwiri sawerenganso kanthu. Kwa kalasi, tchati chimodzi cha Franz ndi mibadwo itatu, kenako china cha nthambi iliyonse, n'zokwanira. Sankhani kukula kwa pepala mu Gramps momwemo ndipo mutulutse PDF, osati chithunzi, chifukwa chithunzi chikakulitsidwa zilembo zimachita chimbuuzi. Mashopu a fotokope wamba ambiri amalekezera pa A3. Pitani kumene amasindikiza mapulani a nyumba, ku Old Town kapena ku City Centre, ndipo muwauze kuti asindikize pa kukula kwake kwenikweni osachepetsa. Funsirani mtengo wa mitundu ndi wa chakuda chokha musanavomere, amasiyana kwambiri. Ngati makina awo okutira pulasitiki safika pa A1, kusindikiza pa nsalu ya mabanala kumapirira fumbi la Okutobala ndi chinyontho cha dzinja kuposa pepala. Asanayambe chachikulu, apempheni atulutse kachigawo kamodzi pa A4 kamene kali ndi Koháry, Württemberg ndi dzina lililonse la kwanu lokhala ndi ŵ. Zikatuluka timabokosi m'malo mwa zilembozo, bwererani mu Gramps mukasinthe font pa zosankha za tchatiyo n'kutulutsanso PDF.